Zimene Ndinkachita ndi Aphunzitsi Rafaelo Lachitatu Lililonse

1

Dzina langa ndine Anastazia. Ngati munakhalako ku Dedza chaka cha 1984, mbiri yanga munaimva kale, kungoti munamva yokhota. Ena ankati ndinkalowa m'nyumba ya mphunzitsi wosakwatira nditavula nsapato. Ena ankati ndinatsala pang'ono kukwezedwa galimoto ya apolisi. Nsapatozo ndinkavuladi, chifukwa kunja kunali matope. Zotsalazo ndilongosola ndekha.

Tinkakhala m'nyumba za ogwira ntchito kumacheka, m'munsi mwa Phiri la Dedza, kumene mwezi wa Juni chisanu chimalowa mpaka m'mano. Amuna anga a Kalisto anali kalaliki woyeza matabwa. Sankamwa, sankasuta, ndipo pa Misa ankakhala benchi yachiwiri. Akazi anzanga ankandisirira. Sankadziwa kuti m'nyumba mwanga munali mkazi mnzanga, ndipo mkaziyo anali thabwa.

A Kalisto anali kochi wa Mapaini, timu ya anyamata a kumacheka. Pofuna kudziwiratu mmene mpira uthere usanaseweredwe, anapala thabwa lalikulu ngati chitseko, n'kujambulapo bwalo, n'kuligawa m'zipinda zisanu ndi zinayi: zitatu kumbuyo, zitatu pakati, zitatu kutsogolo. Osewera anali zitsekerero za mabotolo. M'kati mwa chilichonse anamatamo kapepala ka dzina la mnyamata ndi manambala atatu, ya luso, ya liwiro ndi ya mpweya. Anasemanso timadayisi tiwiri ta mtengo wa paini.

Thabwalo linkakhala pa tebulo. Ife eni nyumba tinkadyera pamphasa.

2

Lachinayi lililonse akaweruka, ankasewera mpira wa Loweruka pa thabwapo. Pankafunika munthu woponyera dayisi timu ya adani, ndipo poti mwana wathu Susan anali akadali kumsana, ntchitoyo inagwera ine.

Malamulo ake anali otere. Mpira ukafika m'chipinda, mumaphatikiza luso la anyamata anu amene alimo, n'kuwonjezera madontho a dayisi. Mnzanu nayenso atero. Wochuluka watenga mpira, wasunthira kutsogolo. Mukapambana m'chipinda cha kutsogolo, womwetsa zigoli akumana ndi goloboyi, dayisi kwa dayisi. Mnyamata waliwiro ankaloledwa kudumphira m'chipinda choyandikana kukathandiza anzake, koma kudumpha kulikonse kunkamudyera mpweya, ndipo mpweya ukatha ankasanduka chitsekerero wamba. Timu yosewera kwawo inkalandira dontho limodzi laulere chifukwa cha ochemerera. Kukagwa mvula, liwiro la aliyense linkadulidwa pakati. Mukaponya kakhumi ndi kasanu ndi katatu, ndiye kuti oyimbira aimba wenzulo yomaliza.

Poyamba ndinkangoponya, maganizo ali ku nyemba pamoto. Patapita miyezi ndinayamba kuona zinthu. A Kalisto ankakonda kuthira anyamata anayi kutsogolo, pakati n'kusiyapo awiri okha, kenako n'kumamenya mipira yaitali kwa Gerevazio, chimphona chawo cha nambala naini, chimene aliyense ankangochitcha Wamkulu. Ndinaona kuti ukamuikira Wamkulu anthu awiri n'kudzaza pakati ndi atatu, Mapaini amangothamanga ngati nkhuku zodulidwa mitu. Ndinaonanso kuti Kizito, wotchinga kumbuyo chakumanja, anamulembera mpweya eyiti chifukwa anali mwana wa mlongo wawo Jesinta. Chonsecho ine ndinkamuona m'mawa uliwonse akupumira kawiri pa kachitunda ka kumpopi, ndudu ili pakamwa.

Tsiku lina ndinapempha kuti zitsekerero za adani ndiziyale ndekha. Ndinawachinya ziwiri kwa duu. Anati dayisi inagwera pa mfundo ya thabwa. Tinabwereza, ndinawachinya zitatu. Anasintha malamulo.

Zikanathera pomwepo bwenzi lero ndilibe nkhani. Koma Lamulungu lina masana kunyumba kunabwera akomiti a timu, azibambo asanu, kudzakangana chifukwa chimene anyamata ankatopera chigawo chachiwiri. Ine ndinalowa ndi tiyi. Pakamwa panayabwa.

“Bwanji Kizito azipuma chigawo chachiwiri,” ndinatero, “ndipo mmodzi wa kutsogolo abwerere pakati?”

Amuna anga anaseka kaye, anzawo n'kutsatira.

“Amake Susan,” anatero, “mpira si ufa woti muzisefa. Shuga mwaiwala.”

Ndinakatenga shugayo. Ndinaupereka nditagwada, monga ndinalangizidwira.

3

Kwathu ndi ku Kaphuka. Lachitatu lililonse ndinkakwera lole ya zidutswa za matabwa kupita kukathandiza mayi m'munda wa kachewere. Lachitatu la sabata imeneyo, ndikudutsa pa bwalo la sukulu, ndinaona bambo wina atakhala pa chulu, nkhope ili ngati wauzidwa maliro. Anali aphunzitsi Rafaelo a Sitandade 7, aatali, owonda, jekete lachigamba pa chigongono, ndipo mudzi wonse unkadziwa kuti anali asanakwatire.

Ndinawapatsa moni. Tinalankhula mawu ochepa, kenako ambiri. Dzuwa litapendeka anandifunsa ngati ndingafike kunyumba kwawo Lachitatu lotsatira, ndipo ine, mkazi wa benchi yachiwiri, ndinavomera ndisanameze n'komwe malovu.

Ndinapitadi. Susan ndinamusiya kwa mayi. Aphunzitsi anatseka chitseko n'kukoka nsalu ya pawindo, poti ana a sukulu ali ndi maso ngati a nkhwazi. Tinakhalamo maola awiri. Potuluka mtima wanga unali kugunda ngati wa mtsikana, mawondo a chitenje changa atada ndi fumbi la pansi. Ndinawalumbiritsa kuti zimene tachitazo asadzauze munthu, ngakhale ansembe.

Zinakhala choncho miyezi itatu. Mayi sanandifunse kanthu. Tsiku lina lokha, tikusankha mbewu ya kachewere, anandiyang'ana m'maso n'kundiuza kuti mapanga awiri avumbwitsa. Ndinayankha kuti ndamva, Lachitatu linalo n'kupitanso.

Kunyumba ndinasanduka mkazi wabwino. Lachinayi ndinkaponya dayisi mwakachetechete, n'kumagonja mwaulemu. A Kalisto anauza mlongo wawo kuti tsopano ndakhwima maganizo.

4

Chaka chimenecho wamalonda wina wa pa boma anapereka chikho choti matimu a m'midzi ndi a m'makampani alimbirane. Mapaini anafika m'ndime yomaliza monga aliyense ankayembekezera. Chimene sankayembekezera n'chakuti akumana ndi timu ya alimi a ku Kaphuka, imene chaka chathacho inkachinyidwa ngakhale ndi ana a kwaya. Kochi wake anali aphunzitsi Rafaelo.

Sabata ya mpirawo amuna anga anatenga tchuthi kuti asewere pa thabwa tsiku lililonse, m'mawa mpaka madzulo. Lachitatu sindinapeze potulukira. Ndinalemba kakalata ndili kubafa, n'kukapatsira dalaivala wa lole.

Loweruka bwalo la pa boma linadzaza. Pakhomo achinyamata ankaona makadi a chipani, ndipo kutsogolo anayala mipando ya alendo. Mlendo wolemekezeka anali wamkulu wina wa chipani wa m'boma lathu. Pambali pake panakhala atsibweni anga a Yeremiya, amene anali tcheyamani wa nthambi kwathu komanso nkhoswe ya ukwati wanga, baji ili pachifuwa. Ine ndinakhala ndi akazi a kumacheka, kuimbira Mapaini ndi mawu anga onse.

Chigawo choyamba chinali chogonetsa tulo. A Kaphuka sankafuna mpira. Anangodzazana pakati, Mapaini n'kumathamanga uku ndi uku. Wamkulu ankayenda ndi alimi awiri ngati mkaidi wopita kuchipatala, ndipo mpira uliwonse wautali unkafikira pamutu pa mmodzi wa iwo. Anthu anayamba kutukwana kuti alimi abwera kudzapalira.

Chigawo chachiwiri chitangoyamba, ndinaona Kizito atagwira mawondo. Patangotha mphindi khumi kamnyamata kena kopanda nsapato kanamudutsa ngati chitsa, n'kuponya mpira pakati, chigoli. Kanamudutsanso, chigoli. Chachitatu chinadzera njira yomweyo, Kizito ali chagada kuyang'ana mitambo. A Kalisto anaima m'mbali mwa bwalo, kope ili m'manja, akutembenuza masamba ngati yankho linali patsamba lina.

Wenzulo yomaliza italira, aphunzitsi Rafaelo anavula jekete n'kuliponya m'mwamba. M'thumba munagwa kapepala. Amene anakatola anali mlamu wanga Jesinta, amene anathamangira mbali imeneyo kukalalatira anthu oseka mwana wake. Zolemba zanga ankazidziwa, poti ndine ndinkamulembera makalata opita kwa mwamuna wake ku Joni. Sanapite nako kwa mlongo wake. Anapita nako kwa ankhoswe.

5

Mlandu unakhala mawa lake, titangochoka ku Misa, m'nyumba mwathu momwe. Panali atsibweni, achimwene awo a amuna anga amene anali nkhoswe ya kuchimuna, Jesinta, ndi aphunzitsi Rafaelo amene anachita kukawatenga pa njinga. Panja akazi a m'nyumba zoyandikana anapeza mwadzidzidzi kuti zovala zawo zikufunika kuyanikidwa pafupi ndi windo lathu.

Jesinta anaimirira n'kuwerenga mokweza, ngati kalata ya Paulo Woyera:

“Aphunzitsi, Lachitatu sindibwera, bambo ali pakhomo. Loweruka musachite mantha, sakudziwa kanthu. Muyambe modekha monga tinachitira sabata yatha, musathamange. Wamkuluyo mumuikire anthu awiri, asapume. Ikakwana folo koloko kumanzere kukhala kotsegula, mulowere kumeneko. Mukawerenga muotche. Ndine A.”

Atatha ananena kuti kumanzere kwa nyumba yathu ndiye kuli windo la kuchipinda, ndipo kuti iye anandikayikira kuyambira tsiku la chinkhoswe.

Atsibweni anali akutuluka thukuta m'chisanu cha Julaye. Ananena motsitsa mawu kuti windo la kuchipinda silikuwadetsa nkhawa. Chimene chinawasowetsa mtendere ndi mawu akuti Wamkuluyo, chifukwa Loweruka pa folo koloko wamkulu amene analipo pa bwalo paja anali mmodzi, ndipo iwo anakhala kumanzere kwake. Anati ngati nkhaniyi ndi ya mwamuna ndi mkazi, ithera m'nyumba muno ndi nkhuku. Koma ngati ndi inayo, iwo sangaikhalire, ayenera kupita nalo pepalalo pa boma Lolemba m'mawa, ndipo tonse tikudziwa kuti opita ndi nkhani zotere sabwerako msanga.

Kenako atsibweni anatembenukira kwa aphunzitsi n'kuwafunsa. Aphunzitsiwo anangondiyang'ana, n'kuyankha kuti analumbira ndipo sanganene kanthu pokhapokha mayiwa atawamasula. Jesinta anawomba m'manja kamodzi, kuti mwamva nokha.

Apo amuna anga anapempha pepalalo. Ndinawayang'ana akuwerenga. Maso awo anaima pa mzere wa Wamkulu, n'kutsika, n'kuimanso pa kumanzere. Makutu awo anagwedera. Anapempha ankhoswe kuti alankhule nane pawiri, ndipo tinalowa kuchipinda.

Ndinkayembekezera mbama kapena misozi. Iwo anatseka chitseko n'kunong'ona.

“Kalatayi ndaimva, amake Susan. Vomerani kuti ndi chibwenzi. Ndikukhululukirani pamaso pa onse, nkhani ithere pomwepo.”

Ndinawafunsa ngati akufuna kuti Dedza yense azinditcha hule pa chinthu chimene akudziwa kuti sindinachite.

“Amuna ambiri anaberedwapo akazi, ndipo akuyenda bwinobwino mumsewu,” anatero. “Koma kochi wochinyidwa zitatu ndi mkazi wake yemwe, ndikalowa bwanji kumacheka mawa?”

Ndinawakumbutsa kuti sukulu ya aphunzitsi ndi ya mishoni, ndipo ansembe akamva za chibwenzi awachotsa ntchito. Anayankha kuti masukulu ndi ambiri.

Zaka zisanu ndi chimodzi ndinali nditagona mphasa imodzi ndi munthu ameneyu, koma ndinamuona bwino tsiku limenelo.

6

Ndinatuluka ndekha. Ndinapita pa tebulo n'kuchotsa nsalu imene inaphimba thabwa.

“Atsibweni,” ndinatero, “Wamkulu wanu ndi uyu.” Ndinawapatsa chitsekerero cha Gerevazio.

Ndinafotokoza zonse. Tsiku lija pa chulu, aphunzitsi anali kuonerera anyamata awo akuthamangira mpira onse pamodzi ngati mbuzi pa mchere, ndipo ine ndinangoti bwanji atatu aime pakati. Sanaseke. Anatulutsa kope. Kuyambira pamenepo, Lachitatu lililonse tinkajambula bwalo ndi choko pansi m'nyumba mwawo, n'kugwada, chimanga chikhale timu yawo, nyemba zikhale adani. Tinkasewera mpira wa sabata imeneyo kanayi kapena kasanu, mvula ndi dzuwa, kwawo ndi koyenda, mpaka titapeza kayalidwe kopambana kawirikawiri. Manambala ndinkalemba ine, ndipo sindinkayang'ana kuti mnyamatayo ndi mwana wa yani. Kumanzere kwa a Kaphuka ndi kumene kunali Kizito. Folo koloko ndi nthawi imene mpweya wake unkathera.

Atsibweni anatembenuza chitsekererocho kangapo. Anati nkhani ndi yokoma, koma khosi lawo silingadalire nkhani yokoma. Analamula kuti tisewere pomwepo, iwo akuona.

A Kalisto anatuluka kuchipinda ngati munthu wopita kukazulidwa dzino. Anayala anyamata awo anayi kutsogolo monga mwa masiku onse, chifukwa kusintha kukanakhala kuvomera. Ine ndinayala atatu pakati, awiri pa Wamkulu. Ndisanaponye ndinatenga pensulo, n'kufufuta eyiti wa Kizito, n'kulemba fili. Jesinta anafuna kundilumphira, koma ankhoswe a kuchimuna aja anamugwira mkono n'kumuuza kuti mnyamatayo ngakhale fili amukomera mtima.

Kuponya kasanu ndi kanayi koyamba sikunabale chigoli. Kenako chitsekerero cha Kizito chinatha mpweya, ndipo changa chinadutsa pambali pake kawiri. Ziwiri kwa duu.

Atsibweni anaseka mpaka kutsokomola. Anatenga kalata ija n'kuiponya pa mbaula, n'kuiyang'anira mpaka yonse inasanduka phulusa. Kenako ankhoswe awiriwo anasowa chogamula, poti chiyambire makolo sipanakhalepo mlandu wa mkazi wozembera mwamuna wake kukaphunzitsa timu ya eni. Pomaliza anandilipiritsa nkhuku imodzi chifukwa chonamizira munda wa kachewere. Jesinta anatuluka akunena kuti bola chibwenzi, anthu amachimvetsa.

Amuna anga anatula pansi ukochi Lolemba lomwelo. Kumacheka anyamata ankati akawaona, ankafunsana mokweza ngati shuga wafika, poti mmodzi wa akomiti aja anali wapakamwa. Miyezi iwiri sanandilankhule. Akafuna kanthu ankauza Susan, amene anali asanayambe n'komwe kuyankhula, kuti uwauze amako madzi osamba azizira. Ine ndinkayankha kudzera kwa Susan yemweyo.

Aphunzitsi Rafaelo anapempha okha kuti awasamutse, ndipo anawatumiza ku Mphunzi. Ndinamva kuti anakwatira kumeneko. Sindinawaonenso.

Mapaini atachinyidwa masabata asanu otsatizana, akomiti anabwera kudzapempha a Kalisto kuti abwerere. Anakhala nthawi yaitali akuzungulira, mpaka mmodzi anafunsa, maso ali kudenga, ngati amake Susan akadali ndi chidwi ndi zoponyaponya zija. Lachinayi lotsatira ndinapeza mpando wachiwiri utaikidwa pa tebulo, pensulo ili pambali. Ndinakhala. Mpaka lero timu ndimayala ndine, iwo n'kukakuwa Loweruka, ndipo zikho ziwiri zimene zili pa kabati zinalembedwa dzina lawo. Za mawu a kuchipinda aja sanapepesepo, ine sindinawakumbutsepo, koma tonse tikudziwa kuti ali m'nyumba muno.

7

Tsopano inu owerenga, pali kanthu kamodzi kamene ankhoswe sanakamve.

Pa mlandu paja ndinalumbira kuti ine ndi aphunzitsi sitinachite kanthu, ndipo sindinaname kwenikweni. Koma Lachitatu lomaliza, tonse titagwada pansi, tinafikira limodzi njere imodzi ya chimanga, dzanja lawo n'kugwera pamwamba pa langa. Sanalichotse. Inenso sindinachotse langa. Ndinawerenga chamumtima mpaka makumi awiri, kenako ndinati ndi nthawi yanu yoponya. Ndi zokhazo. Koma pa lole pobwerera ndinalira njira yonse, dalaivala n'kumaganiza kuti ndi utuchi.

Nditakaulula kwa ansembe anandipatsa ma Tikuoneni Maria atatu, kenako anatsitsa mawu n'kundifunsa ngati timu ya parishi ingachite bwino ndi atatu pakati.

Azibambo, mumalondera akazi anu kwa amuna a magalimoto ndi a masuti. Mukulondera khomo lolakwika. Woopsa ndi uja wa jekete lachigamba, amene mkazi wanu akalankhula amatulutsa kope n'kumufunsa kuti bwerezani, ndilembe. Ine ndinabwerera pa makumi awiri. Sindikulonjezani kuti wanu amadziwa kuwerenga.

Azimayi anzanga, sindikuti muzizemba. Ndinanamiza mayi anga, ndinaika khosi la atsibweni pa mpeni, ndipo munthu wosalakwa anasamuka mudzi chifukwa cha ine. Koma tsiku limene adzakuuzeni kuti musankhe pakati pa dzina lanu ndi manyazi a mwamuna, musafulumire kugwada.

Mwina mukudabwa kuti ndalimba mtima bwanji kulemba zonsezi amuna anga ali moyo, ndiponso magazini ino amagula okha mwezi uliwonse. Musadandaule. A Kalisto amayambira kumasamba a masewero, n'kuthera komweko.